Kodi ma insole ochirikiza phazi angathandize anyamata anga kudumpha kwambiri pa mpira?

Mphunzitsi wa ku Santhe

Ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Santhe, m'boma la Kasungu, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuyang'anira timu ya mpira wamiyendo ya anyamata a zaka zapakati pa 11 ndi 14. Chimene chandibweretsa pano ndi mipira ya m'mwamba. Mpira ukakhala pansi anyamata anga amasewera bwino, koma pa kona, kapena goloboyi wa timu ina akaumenya mpira wautali, otchinga kumbuyo anga amaposedwa kudumpha pafupifupi nthawi zonse, moti zigoli zambiri zimene tinamwetsedwa teremu yathayi zinali za mutu.

Sabata yatha ndili pa msika wa pa boma, mnyamata wina wogulitsa nsapato za kaunjika anandionetsa zoyala m'kati mwa nsapato zimene iye amazitcha ma insole. Si zopyapyala zija zimabwera ndi nsapato iliyonse ayi, koma zolimbirapo, zokhala ndi kachitunda pakati, pamene pamayang'anizana ndi mpata wa pansi pa phazi. Anandiuza motsimikiza kuti kachitundako kamakankha phazi m'mwamba, kuti osewera a ku Ulaya amavala zimenezi, ndipo anandikumbutsa chigoli chija Cristiano Ronaldo anamwetsa Sampdoria mu 2019, pamene anaupeza mpira ndi mutu pa mamita 2.56. Mawu akewo sakundichoka m'mutu, chifukwa awiri mwa otchinga kumbuyo anga ali ndi mapazi athyathyathya. Akaponda pa simenti ya pakhonde mapazi ali onyowa, phazi lonse limadindika, popanda kampata kaja kamaoneka kwa anzawo.

Makolo anasonkha ndalama pang'ono atagulitsa soya, ndipo tinagwirizana kuti tigule mipira iwiri yatsopano. Tsopano ndikulingalira zopempha komiti kuti gawo lina la ndalamazo lipite ku ma insole a anyamata anayi a kumbuyo. Ndisanatero ndikufuna uphungu wa odziwa. Kodi phazi lathyathyathya limachepetsadi kudumpha? Nanga ma insole amenewa angawonjezere kanthu, kapena angapweteke ana amene mafupa awo akukulabe? Ndionjezere kuti pokonzekera ambiri amasewera osavala nsapato, ndipo jombo zochepa zimene tili nazo timavala pa masewero okha.

Wa physiotherapy, Kasungu boma

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama za makolo. Mapazi a ana ndimawaona kawirikawiri pa ntchito yanga ya mafizo kuchipatala, ndipo uphungu wanga ndi wakuti musagule ma insole ndi cholinga chakuti anyamata azidumpha kwambiri, pakuti imeneyo si ntchito yake. Komabe wogulitsayo sananame pa zonse, choncho ndiloleni ndifotokoze pamene anali ndi mfundo ndi pamene anasokonekera.

Phazi la munthu lili ndi mafupa 26, ndipo mafupa a mbali ya m'kati analumikizana mopindika ngati uta, kuyambira ku chidendene kukafika kumene chala chachikulu chimayambira. Kunsi kwake kuli mtsempha wolimba ndi wotambalala wotchedwa plantar fascia, umene uli ngati nsinga ya utawo. Munthu akaponda mwamphamvu, utawo umatsika pang'ono, nsinga ija imakokeka n'kusunga mphamvu, ndipo ponyamuka imaibweza. Akatswiri a pa yunivesite ya Leeds ku England amene anayeza zimenezi mu 1987 anapeza kuti pothamanga, uta wa phazi umasunga ndi kubweza pafupifupi theka la mphamvu imene imasungidwa ndi mtsempha wa Achilles, uja wa kumbuyo kwa kakolo. Kotero uta wa phazi uli ndi gawo lenileni pa kuthamanga ndi kudumpha. Koma taonani kuti utawo umathandiza chifukwa chakuti umatsika ndi kubwerera. Kachitunda kolimba koikidwa kunsi kwake sikapanga mphamvu yatsopano, pakuti kalibe minofu, ndipo insole yofewa ya thonje kapena labala imabweza mphamvu yocheperapo kuyerekeza ndi imene yalandira. Mphamvu yonyamula thupi lonse imachokera m'minofu ya m'matako, m'ntchafu ndi m'akatumba a miyendo, ndipo phazi limangoipereka ku nthaka.

Pa nkhani ya anyamata anu awiri aja, pali chinthu chimene chithunzi cha phazi lonyowa sichingakuonetseni. Mwana akaimirira ndi zala zokha, monga momwe amachitira pa mphindi yomaliza asanachoke pansi, chala chachikulu chimapindikira m'mwamba, nsinga ija imakungika, ndipo uta umadzuka wokha. Ana ambiri a mapazi athyathyathya ali ndi mtundu umenewu wofewa, woti phazi limaphwatalala poimirira chabe koma pa ntchito limaumbika bwinobwino. Ku Croatia, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2009 anayeza ana 218 a zaka 11 mpaka 15, msinkhu womwewo wa timu yanu, pa kudumpha, liwiro ndi kukhazikika, ndipo sanapeze kuti a mapazi athyathyathya amatsalira kwa anzawo. Kafukufuku wina wa mu 2019 anaveka ma insole osewera basketball, a mapazi athyathyathya ndi a mapazi wamba omwe, ndipo ngakhale kayendedwe ka kakolo kanasintha pang'ono, kutalika kwa kudumpha sikunasinthe.

Palinso chikhulupiriro chakuti insole imawongola phazi la mwana likamakula. Ku America anayesa zimenezi pa ana aang'ono kwa zaka zitatu, ndipo zotsatira zake za mu 1989 zinaonetsa kuti amene anavala nsapato zapadera kapena zoyalamo sanasiyane ndi amene sanavale, popeza mwa ana ambiri uta wa phazi umaumbika wokha m'zaka khumi zoyambirira. Chimene chingakusangalatseni koposa ndi cha ku India, kumene mu 1992 anayeza ana 2,300 n'kupeza kuti mapazi athyathyathya anali mwa ana 8.6 pa 100 alionse ovala nsapato, pamene mwa osavala anali 2.8 okha. Ndikunena izi kuti musaone ngati anyamata anu akuperewedwa kanthu chifukwa chosewera osavala nsapato pokonzekera. Choopsa pamenepo ndi minga, mabotolo osweka ndi miyala ya pa bwalo, osati kaumbidwe ka phazi.

Chimene ndikupempha muchite ndi ichi. Aimitseni awiriwo osavala nsapato, muwauze akwere pa zala, inu muyang'ane mbali ya m'kati ya phazi. Ngati mpata ukuoneka ndipo mwanayo samva kupweteka kulikonse, musiyeni momwemo. Ngati mpata sukuoneka ngakhale wakwera pa zala, kapena phazi limodzi lokha ndilo lathyathyathya, kapena mwanayo amadandaula kupweteka ndi kubinya kakolo pafupipafupi, ameneyo afunika kuonedwa, chifukwa nthawi zina mafupa awiri a kumbuyo kwa phazi amakhala atagwirana chibadwire, ndipo vutolo limayamba kumveka pa msinkhu womwewu. Pa zipatala za maboma pamakhala ma clinical officer a za mafupa, ndipo iwo ndi amene amatumiza mwana ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene amapanga zochirikiza phazi moyeza mwini wake, kapena ku Beit CURE ku Blantyre kumene amathandiza ana a mavuto a mafupa.

Mayi wa ku Mtunthama

Aphunzitsi, ine si wachipatala, ndine kholo chabe, koma ndaona kuti ndilankhulepo kuopa kuti mungachoke pano ndi maganizo akuti zoyala m'nsapato zilibe ntchito konse. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 12, ndipo chaka chatha m'miyezi ya September ndi October, pamene bwalo linauma gwa ngati msewu, anayamba kubwera kunyumba akutsimphina. Poyamba ndinkaganiza kuti walasidwa ndi munga, koma nditamuyang'ana sindinapeze bala kapena chotupa. Ankaloza kumbuyo kwa chidendene, ndipo m'mawa wotsatira masewero ankayenda monyang'ama. Chimene chinandiwawa mtima ndi chakuti anakhala akubisa kwa milungu ingapo, kuopa kuti aphunzitsi ake amuchotsa mu timu.

Kuchipatala anatiuza kuti ndi vuto lotchedwa Sever, limene limagwira ana othamanga kwambiri a zaka za m'ma 8 mpaka 14, chifukwa fupa la chidendene limakhala lisanakhwime ndipo mtsempha wa kumbuyo kwa mwendo umalikoka nthawi iliyonse mwana akathamanga kapena kudumpha. Anatilangiza kuti achepetse kusewera kwa kanthawi, aziwongola katumba wa mwendo atatsamira khoma, ndiponso kuti tiike kanthu kofewa kokweza chidendene pang'ono m'nsapato zonse ziwiri, osati imodzi yokha. Wosoka nsapato wa pa msika wathu anatidulira tizidutswa ta labala lofewa molingana ndi jombo zake. Atabwerera pa bwalo, aphunzitsi ake anandiuza kuti mwanayo wayambanso kulimbirana mipira ya m'mwamba imene kale ankangoiyang'ana.

Sindikunena kuti labalalo linamupatsa mphamvu. Mwana amene akudziwa kuti akatera chidendene chimubaya sangadumphe ndi mtima wonse, ndipo ululu utachepa anabwerera pamene anali kale. Choncho musanaganize za mapazi athyathyathya, afunseni anyamata onse mmodzimmodzi, pambali, ngati pali pamene pamawapweteka. Pagulu sangakuuzeni.

Kochi wakale wa ku Chinkhoma

Achimwene aphunzitsi, ine ndinasewera kumbuyo kwa zaka zambiri m'matimu a m'midzi yathu ino ndisanayambe kuphunzitsa ana, ndipo ndikugwirizana ndi a physiotherapy kuti mugule mipira iwiri ija. Ndikufuna ndiwonjezere za pa bwalo penipeni, chifukwa ndikukayika ngati vuto lanu lili m'mapazi n'komwe.

Mpira wa m'mwamba saupambana amene amadumpha kwambiri yekha ayi. Amaupambana amene wawerenga msanga kumene ukugwera, wapeza masitepe awiri kapena atatu othamangira, ndipo wanyamuka pa nthawi yake. Ana ambiri otchinga kumbuyo amaima chilili pansi pa mpira, n'kudumpha ndi miyendo iwiri manja ali m'mbali, pamene wogoletsa akubwera chothamanga n'kunyamuka ndi mwendo umodzi akuponya manja m'mwamba. Mwana woima chilili adzaposedwa ngakhale mutamuveka chilichonse. Kumbukiraninso kuti pa zaka 13 ndi 14 ana amasiyana kwambiri kakulidwe, wina watha kale msinkhu, mnzake wobadwa chaka chomwecho akadali mwana, ndipo pa kusiyana kumeneko palibe chogula pa msika chimene chingathandize.

Kuti mudziwe zoona, ayezeni. Njira yake ndi yakale, inachokera pa imene anaifotokoza Dudley Sargent mu 1921, ndipo imangofuna khoma la kalasi, choko ndi rula, zimene mphunzitsi sasowa. Mwana apake choko ku nsonga za zala, aimirire chammbali kwa khoma, atambasule dzanja m'mwamba mapazi ali pansi n'kudinda. Kenako agwade pang'ono, adumphe ndi mphamvu zonse n'kudindanso. Mtunda wa pakati pa zidindo ziwirizo ndiko kudumpha kwake. Aliyense ayese katatu, mulembe kopambana m'kope, ndipo muyerekeze awiri anu aja ndi anzawo. Ngati mukufunabe kuyesa ma insole, bwerekani peyala imodzi, mwana yemweyo adumphe tsiku lomwelo ndi jombo zomwezo, kwina ali nawo kwina alibe, mosinthanasinthana. Koma musamuuze kuti akuyembekezeka kudumpha kwambiri, chifukwa mwana wouzidwa kuti wavala mankhwala amalimbikira koposa, ndipo inu mudzayamikira insole pa ntchito imene yagwiridwa ndi mtima wake.

Zowonjezera kudumpha n'zodziwika. Kawiri pa sabata, poyambirira pamene miyendo isanatope, adumphe chingwe, adumphe ndi mwendo umodzi kutsogolo ndi chammbali monga amachitira pa phada, ndipo adumphe m'mwamba kuchokera chogwada, kangapo kokha koma ndi mphamvu zonse. Choyamba kuwaphunzitsa ndi katsikidwe: atere ndi kutsogolo kwa phazi, mawondo opindika, osagundana m'kati, ndipo pasamveke chiphokoso. Chilimwe muwatengere pa udzu wofewa m'mbali mwa dambo m'malo mwa bwalo louma, pa chifukwa chimene mayi a ku Mtunthama afotokoza. Pali ndondomeko ya FIFA yotenthetsa thupi yotchedwa 11+ Kids, imene ili pa intaneti mwaulere ndipo ili ndi masewero a kudumpha ndi kuima ndi mwendo umodzi. Pamene anaiyesa m'matimu a ana ku Ulaya, kuvulala kunachepa ndi pafupifupi theka. Ine ndinkamangirira mpira pa nthambi ya mtengo wa mango kuti aphunzire kuthamangira ndi kunyamuka pa nthawi yake, koma aang'ono kwambiri ndinkawauza kuti aziukhudza ndi dzanja, chifukwa kumenya mpira ndi mutu mobwerezabwereza si kwabwino kwa ana, moti ku America anakuletsa kwa a zaka 10 kupita m'munsi kuyambira mu 2015.

Mphunzitsi wa ku Santhe

Ndikuthokoza nonse atatu, ndipo ndabwera kudzanena zimene ndapeza. Lachitatu ndinawaimitsa awiri aja pa zala, ndipo onse mpata wa phazi unaonekera bwinobwino, komanso palibe amene amamva kupweteka. Tinayezanso ndi choko pa khoma la Sitandade 8. Mmodzi wa iwo anali m'gulu la odumpha kwambiri mu timu yonse, zimene zinandidabwitsa, pakuti ndi yemweyo amene amaposedwa kawirikawiri pa kona. Nditamuyang'anitsitsa posewera ndinaona zimene a kochi ananena, kuti amadikira mpira ataima malo amodzi. Ku komiti sindinapitenso ndi pempho lija, ndipo mipira iwiri tagula.

Koma uphungu wa mayi a ku Mtunthama wavumbula china. Nditawafunsa mmodzimmodzi, goloboyi wathu wa zaka 12 anavomera kuti zidendene zonse ziwiri zimamupweteka akamaliza kusewera, ndipo wakhala chete kuyambira teremu yatha. Ndalankhula kale ndi bambo ake. Funso langa lomaliza kwa a physiotherapy lili pawiri. Kodi mwanayu asiyiretu kusewera mpaka ataonedwa? Chachiwiri, jombo zathu zambiri ndi zazikulu kwa ana amene amazivala, moti ena amatsendera mapepala kutsogolo ndipo ena amavala masokosi awiri. Kodi pamenepa insole singathandize kuti phazi lisamaterereke m'kati?

Wa physiotherapy, Kasungu boma

Aphunzitsi, pa za jombo zazikulu, apo ndiye insole ili ndi ntchito yomveka. Phazi likamaterereka m'kati mwa jombo, mwana amapinda zala kuti aigwire, amachedwa kunyamuka, ndipo amatuluka matuza. Koma yofunika pamenepo ndi yathyathyathya wamba yongodzaza malo, imene wosoka nsapato angakudulireni, osati ya kachitunda kolimba, chifukwa jombo za mpira ndi zopapatiza ndipo kachitunda kosayezedwa pa phazi la mwiniwake kamakhula khungu la m'kati mwa phazi, komanso kangakweze chidendene mpaka kumavuka. Kutsogolo kwa chala chachitali kuzitsala malo okwana ngati sentimita imodzi, ndipo zingwe azimanga mpaka bowo lomaliza. Popeza jombo amabwerekana, mwana aliyense akhale ndi zoyala zakezake zimene azichotsa ndi kuziyanika pa dzuwa akatha masewero, kuti asapatsirane matenda a pakhungu a pakati pa zala.

Za goloboyi, zimene mwafotokoza zikufanana ndi zimene anapeza mwana wa mayi aja, koma wotsimikiza akhale amene amugwire phazi ndi manja. Mukafinya chidendene m'mbali zonse ziwiri kumbuyo kwake n'kumva kupweteka, chimenecho ndi chizindikiro chodziwika cha Sever. Pakadali pano mumuchotse pa zodumpha zonse zimene a kochi atchula, ndipo tsiku limene akutsimphina asasewere konse. Angathe kupitiriza kuphunzira kuwakha ndi kuponya mpira, kuti asaone ngati kunena zoona kwamuchotsetsa mu timu, pakuti anzake akuyang'ana ndipo iwonso adzabisa akaona kuti walangidwa. Vutoli limatha lokha fupa la chidendene likakhwima, ndipo silisiya chilema. Koma ngati chidendene chatupa, chafiira, chikutentha, kapena mwanayo akumva ululu usiku ali gone kapenanso watentha thupi, bambo ake asadikire tsiku la msika, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zimenezo zingakhale matenda a m'fupa amene amafuna mankhwala mwamsanga.